Nyali ya Sumaiya

1. Malo otsala

Pa timu ya Nkopola panalibe amene ankafuna kunyamula nyali. N'chifukwa chake inagwera Sumaiya.

Gemu imene ankasewerayo ili ndi dzina lachingerezi lalitali, koma ana a kunyanja analidula n'kumangoti Malinga. Amasewera pa foni, asanu mbali ino, asanu mbali inayo. Timu iliyonse ili ndi linga lake, ndipo yopambana ndi imene yagumula linga la inzake.

Masewera asanayambe, aliyense amasankha munthu wa m'gemumo woti azimuyendetsa. Pali Wauta, amene amalasa ali patali. Pali Wamkondo, wolumphalumpha ngati wakhala pa linthumbu. Palinso Wachishango ndi Wamoto. Ndiye pamapeto pake pali Wanyali, kamunthu koonda kovala chipewa, koti kupha ngakhale nkhuku sikangathe.

Ntchito ya Wanyali ndi kuthandiza anzake basi. Amaunika m'tchire kuti adani asabisalemo, amachiritsa mnzake akavulala, ndipo zikathina amaima kutsogolo kuti mivi ilase iyeyo. Mphamvu yake yaikulu ndi imodzi yokha, kung'anima. Nyali ikang'anima, adani onse amene ali pafupi amachita chidima n'kuima njii kwa kanthawi. Koma ikang'anima kamodzi, imachedwa kudzazanso. Anyamata amati munthu wotereyu ndi sapoti, ndipo potchula mawuwa amakwinya mphuno.

Sumaiya anali mtsikana wa Fomu 2, wosalankhulalankhula. Tsiku limene anapempha kulowa timu, Duncan, kaputeni wawo, sanadzutse n'komwe mutu pa foni.

"Malo otsala ndi a nyali. Ukafuna tenga, ukapanda kufuna tipatse mpata," anatero Duncan.

Sumaiya anatenga. Ndipo ndinene pano kuti mwanayo anaigwira nyaliyo mpaka anthu kusiya zawo n'kumamuonerera. Anzake akamasewera, maso amakhala pa munthu wawo yekha. Iye maso ake ankakhala pa kamapu kapakona ndi pa timizere toonetsa moyo wa anzake. Ankadziwa kuti Duncan, amene ankasewera Wauta, akapha mdani mmodzi mutu umamukula, n'kuthamangira kutsogolo ngati alibe abale. Duncan asanathamange, nyali inkakhala itafika kale kumene akupitako.

Timu ya Nkopola inayamba kupambana. Anthu ankati Duncan ndi dolo, ndipo Duncan sankakana.

Kenaka kunabwera nkhani imene inali m'kamwam'kamwa pasukulu ponse. Bungwe lina la achinyamata linakonza mpikisano wa Malinga m'holo ina ku boma, Loweruka masana. Matimu anali ochokera ku Chowe, ku Chiponde, ku Nkopola ndi m'tauni momwemo. Mpikisano ukatha, mayi wina wochokera ku Blantyre, dzina lake Edith, asankha ana asanu okha mwa onsewo kuti akaimire Mangochi ku Blantyre pa holide. Wosankhidwa aliyense anayenera kuloledwa ndi makolo ake.

Sumaiya anali asanawolokepo ngakhale Liwonde. Malo amodzi mwa asanuwo ankawafuna ndi mtima wake wonse.

2. Uphungu wa Dinala

Foni imene Sumaiya ankasewerera inali yakale ya amjomba ake, a Iddi, alongo a mayi ake. A Iddi anali ndi kashopu pafupi ndi doko, momwe ankatchajamo mafoni ndi mabatire a nyali za asodzi. Foniyo inkagona momwemo, chifukwa kunyumba sikanalowa. Mayi a Sumaiya, a Farida, ankagulitsa usipa wouma mumsika wa ku boma, ndipo kwa iwo gemu iliyonse ya pa foni inali njuga. Mwana wa aneba awo anagulitsapo njinga ya bambo ake chifukwa cha kubetcha, ndiye kuyambira pamenepo sankafuna kumva zambiri. Iwo ankadziwa kuti Sumaiya akaweruka amapita kukathandiza amjomba ake basi.

Lachisanu anthu atatuluka mumzikiti, Dinala anamupeza Sumaiya atakhala pa benchi ya kashopuko. Dinala anali mnzake kuyambira ku pulayimale, ndipo mu timu ankasewera Wamoto.

"Iwe, wamva mmene asankhire?" anafunsa Dinala.

"Ayi. Asankha bwanji?"

"Gemu ikatha, pa sikirini pamabwera bolodi lija loonetsa kuti uyu wapha angati, uyu wapha angati. Mayi aja azingoyang'ana pamenepo. Ndiye tandiuza, pa dzina lako pamalembedwa chiyani?"

Onse awiri ankadziwa kuti nthawi zambiri pamakhala ziro.

"Ndikukuuza ngati mnzako. Mawa usatenge nyali. Tenga Wamkondo, uphe ako awiri atatu, dzina lioneke. Duncan wadyera pamsana pako mokwanira. Iyeyo apite ku Blantyre, iwe utsale ukusesa m'shopu ya amjomba? Asa!"

"Nanga timu?"

"Timu ikutha mawa lomwelo, Sumaiya. Akusankha anthu, sakusankha timu."

Dinala sankanena mwanjiru. Ankamufunira zabwino, ndipo uphungu wotere ndi umene umavuta kuukana. Atachoka, Sumaiya anayatsa foni, nasankha Wamkondo, n'kuyamba kuyeserera. Zala zake zinali zachangu. Posakhalitsa anagwetsa mdani woyamba, kenaka wachiwiri, ndipo anamva kukoma kumene anali asanakumvepo.

3. Mawu a amjomba

A Iddi anali pakhomo la shopu akumangirira waya wa batire. Anasuzumira pa sikirini kudzera pamwamba pa magalasi awo.

"Kanzako kachipewa kaja kali kuti lero?" anafunsa.

"Ndakasiya, amjomba. Sikapha."

Anawafotokozera zonse zimene ananena Dinala. A Iddi anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anaika pulayazi pansi, nakhala pa chigubu moyang'anana naye.

"Tamvera, mwanawe. Za mafoni zanuzi ine sindizidziwa, koma za nyali ndimazidziwa. Ndagwira usiginala kuyambira ndevu zisanamere mpaka maso atayamba kuchita chifunga. Siginala amakhala yekha m'kabwato ndi nyali zake. Alovi, amuna amphamvu aja okoka khoka, amakhala m'maboti awiri chapatali, mumdima, atagwira chilimira, khoka lalikulu la usipa. Iweyo siginala khoka sulikhudza. Nsomba sugwira ngakhale imodzi. Ntchito yako ndi kuyatsa nyali n'kudikira.

"Usipa umabwera pang'onopang'ono. Umayamba wochepa, kenaka madzi pansi pa bwato amachita kuwira. Apo ndiye pamaoneka siginala weniweni. Suthamanga. Umapalasa mofatsa, nkhafi osaomba madzi, kuukokera usipawo pakamwa pa chilimira. Ukalowa wonse, m'pamene umaitana alovi kuti akoke.

"Ndinali ndi mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa, dzina lake Sadik. Anali ndi maso abwino kuposa anga. Tsiku lina usipa utasonkhana bwinobwino, panatulukira ncheni yaikulu kudzadya usipawo, n'kumazungulira pambali penipeni pa bwato. Mnyamata mtima unamukwera. Anati anthu azindiona ndikutsika chimanjamanja mpaka liti? Anadzutsa nkhafi n'kuimenya ncheni ija, phwaa! Anaipha ndithu. Koma usipa wonse unamira nthawi yomweyo. Chilimira chinatuluka ndi madzi okhaokha.

"Anafika pa doko atanyamula ncheni yake, mano onse pamtunda. Kumbuyo kwake kunali amuna amene anagona pamadzi, ana awo akudikira kunyumba, mabeseni ali gwaa. Palibe anamumenya, palibe anamutukwana. Koma palibenso mwini chilimira amene anamupatsanso nyali."

Sumaiya anali atazimitsa foni, maso ali pansi.

"Sindikunamiza ayi," anapitiriza a Iddi. "Wogula usipa pa doko safunsa kuti anagwira nyali ndani. Mwina mayi a ku Blantyre aja nawonso safunsa. Mwina upambana gemu, ulendo n'kukuphonya. Zimenezo zimachitika, ndipo zimawawa. Ngati mtima wako uli pa mkondo, tenga mkondo, si tchimo. Koma ukawauze anzako lero kuti apeze wina wa nyali. Usawasiye apite pamadzi akuyesa kuti ali ndi siginala pamene alibe. Chimenecho chokha ndicho ndikukuletsa."

Anatolanso pulayazi, koma asanagwire waya anatembenukanso.

"Ndipo pali china. Mlongo wanga Farida ndatopa kumubisira. Ine ndakhala ndikuonerera, ndaona kuti si njuga, koma woti amuuze ndi iweyo. Nkhani imeneyi akaimva kwa anthu a mumsika idzafika itapsa kale. Ukamuuze wekha, ndi pakamwa pako."

"Ndiwauza, amjomba."

Kwa anzake sanapite kukanena chilichonse. Kwa mayi ake nako sananene. Atafika kunyumba anawapeza atatopa, akulongedza usipa m'matumba, ndipo anangowathandiza kulongedzako. Loweruka m'mawa a Farida analawirira kumsika, nkhani ija ili chikhalire.

4. M'holo

Kutentha kwa Mangochi mukukudziwa. Pofika masana malata a holo ankachita kulira, ndipo ana ankakupiza mafoni awo ndi makatoni kuti asatenthe. Kutsogolo anapachika sikirini yaikulu kuti aliyense aone masewero. Anthu anadzaza mpaka m'mawindo, ena atakwera pa njinga za kabaza kunja. A Iddi anatseka shopu n'kubwera ndi chikwama cha machaja.

Mayi Edith anakhala pambali, atavala magalasi, osaseka ndi munthu. Anthu akakuwa, iwo ankangoyang'ana pa sikirini.

Nkopola inagonjetsa Chowe mosavuta, kenaka inagonjetsa timu ya m'tauni movutikira. M'magemu onse awiri Sumaiya ananyamula nyali, ndipo m'magemu onse awiri bolodi linaonetsa ziro pa dzina lake. Dzina la Duncan linali pamwamba, la Dinala pansi pake.

Gemu yomaliza inali ya Nkopola ndi Chiponde. Anyamata a ku Chiponde anali ndi mafoni atsopano ogulidwa kumalire, ndipo kaputeni wawo, Ayub, anali asanagonjepo chiyambire mpikisano. Ankasewera Wamkondo, ndipo akapha munthu ankaimirira n'kuwerama ngati walandira mphatso.

Itakwana nthawi yosankha, Dinala anamugunda Sumaiya ndi chigongono.

"Mwayi wako womaliza ndi uno," ananong'ona.

Chala cha Sumaiya chinaima pamwamba pa Wamkondo. Duncan anaona, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire anamuyang'ana mtsikanayo kumaso.

"Ukufuna kusintha?" anafunsa Duncan. "Panopa?"

Kaputeni yense uja anali ndi mantha. Sumaiya anayang'ana anzake anayi, onse atagwira mafoni, akudikira iye. Sanawauze dzulo, ndiye lero kunalibenso wina woti anyamule nyali. Anasuntha chala n'kudina kamunthu kachipewa kaja.

Dinala anapukusa mutu.

Gemu inayamba moipa. Ayub anali wochenjera, anazindikira msanga kuti Duncan sagwa chifukwa cha nyali imene ili kumbuyo kwake. Ndiye anasiya Duncan n'kuyamba kusaka Sumaiya. Anamupha kamodzi, Wanyali n'kudzukanso ku linga monga mwa lamulo la gemu. Anamuphanso, n'kumuphanso. Ulendo wina Sumaiya anachita kudziponya yekha kutsogolo kwa mkondo umene unkapita kwa Duncan. Anthu a m'mawindo anayamba kuseka.

"Kamtsikanako kakungofa! Kachotseni!" anakuwa mnyamata wina.

Sumaiya anamva, makutu anamutentha, koma maso sanachotse pa kamapu. Nsanja zolondera linga la Nkopola zinkagwa imodziimodzi. Aliyense m'holomo anaona kuti kukangochitika nkhondo imodzi yaikulu, Nkopola yatha.

Koma pofa kambirimbiri muja Sumaiya anaonapo kanthu. Nyali ikangooneka, anyamata a Chiponde ankasiya chilichonse n'kuithamangira, aliyense kufuna kuti dzina lake likwere pa bolodi mayi Edith aone.

5. Chilimira

Pakati pa bwalo la gemuyi pamadutsa mtsinje, ndipo mbali zonse ziwiri kuli bango lalitali momwe munthu akalowa saoneka. Sumaiya anaweramira kwa anzake anayi, Duncan, Dinala, Jeffrey ndi Mtendere.

"Tiponye chilimira pamtsinje," ananong'ona. "Duncan ndi Jeffrey, bango la kumanzere. Dinala ndi Mtendere, la kumanja. Musatuluke mpaka nyali itang'anima. Ngakhale muone ndikufa, musatuluke."

Ana a ku Nkopola sanafunse kawiri. Aliyense wa iwo anakulira pa doko, ndipo chilimira ankachidziwa asanadziwe kuwerenga. Ngakhale Duncan, amene sankauzidwa zochita ndi munthu, anangoti, "Tamva," n'kulowa m'bango.

Wanyali anatsala yekha poyera. Anawoloka mtsinje, nyali ili ngwee, n'kumayendayenda kutsidya ngati wasochera.

Woyamba kumuona anali Ayub. Anali akuchokera kogumula nsanja, ndipo nsanjayo inali itamuvulaza kwambiri. Kamzere ka moyo wake kanatsala kochepetsetsa. Wanzeru akanabwerera kukachira kaye, koma Ayub ataona nyali analumpha yekha, anzake anayi akali kumbuyo.

Holo yonse inaimirira. Kung'anima kwa nyali sikupweteka kwambiri, koma munthu wotsala pang'ono chotere kukanamumaliza. Sumaiya akanangodina kamodzi, Ayub wosagonja uja akanagwa ndi dzanja la sapoti, pa sikirini yaikulu, mayi Edith akuona.

"Mmalize! Mmalize!" anakuwa anthu.

"Sumaiya, dina!" anatero Dinala, osathanso kunong'ona. "Ndi wako ameneyo!"

Chala chinali pa batani. Koma pa kamapu timadontho tinayi tofiira ta anzake a Ayub tinali tisanafike pamtsinje. Nyali ikanang'anima pamenepo, anayiwo akanabwerera, ndipo pobweranso akanapeza nyali ilibe mphamvu. Sumaiya anachotsa chala pa batani.

Anayamba kubwerera m'mbuyo. Sanathamange, chifukwa akanathamanga adani akanataya mtima n'kumusiya. Ankayenda moti Ayub aziona ngati watsala pang'ono kumugwira. Mkondo unamulasa, iye n'kudzichiritsa pang'ono, n'kusunthanso. Unamulasanso. Kenaka sapoti wa Chiponde anafika n'kumuchiritsa Ayub, kamzere kaja n'kudzazanso. Mwayi wopha unapita anthu onse akuona, ndipo holo inabuula.

"Wagona! Mwana wagona uyu!" anatero bambo wina pawindo.

A Iddi okha ndi amene sanabuule. Anali ataima kumbuyo, chikwama cha machaja atachikumbatira pachifuwa, milomo ikuyenda. "Mofatsa, mofatsa," ankatero.

Wanyali analowa m'madzi. Ayub analowa pambuyo pake. Wachiwiri analowa, wachitatu, wachinayi, onse akukankhana kulimbirana kamunthu kamodzi. Wauta wa Chiponde yekha anaima pagombe, akukayika. Moyo wa Sumaiya unali utatsala ngati ulusi. M'bango, Duncan thukuta linali kamukamu.

"Ndituluke?" anafunsa.

"Ayi."

Sumaiya anaimitsa Wanyali pakati pa mtsinje, osasunthanso, ngati wagonja. Wauta uja ataona kuti anzake amudyera nyama, analumphira m'madzi.

Pamenepo nyali inang'anima.

Sikirini yonse inayera mbee. Anyamata asanu a Chiponde anaima njii pakati pa madzi. Mkondo wa Ayub unali utaponyedwa kale, ndipo Wanyali anagwa pomwepo, chipewa n'kuyandama. Koma bango la kumanzere ndi la kumanja linatseguka nthawi imodzi. Mivi ya Duncan inagwa ngati mvula, moto wa Dinala unatseka njira yothawira, Jeffrey ndi Mtendere n'kutsekera kumbuyo. Palibe wa Chiponde anatulukamo.

Adani asanadzukenso, anayi a Nkopola anali atafika pa linga lawo. Linagwa anthu akukuwa moti malata a holo sankamvekanso.

6. Zala

Anyamata anamunyamula Duncan pamapewa n'kuzungulira naye holo. Bolodi linabwera pa sikirini. Dzina la Duncan linali pamwamba, la Dinala lachiwiri. La Sumaiya linali pansi penipeni, pambali pake pali ziro yemwe uja, ndipo pa kufa ndiye ankatsogola.

Anakhala pampando wake, nakonza mpango kumutu, foni ili pamiyendo. Timu inapambana ndipo anakondwa ndithu, koma misozi inali pafupi. Munthu ukhoza kuchita chinthu choyenera, mtima n'kumawawabe.

Phokoso litachepa, mayi Edith anaimirira kutsogolo. Anatchula Ayub, anthu anaomba m'manja. Anatchula Duncan. Anatchula mnyamata wina wa ku Chowe ndi wina wa m'tauni. Malo anatsala amodzi, ndipo maso onse anapita kwa Dinala, amene anali atayamba kale kukonza kolala ya malaya.

Mayi Edith anavula magalasi.

"Bolodi ndaliona," anatero. "Koma bolodi limangowerenga amene wamaliza, silinena kuti anayamba ndani. Ana anga, ku Blantyre mukakumana ndi matimu oti aliyense ndi wakupha. Ndikatenga akupha asanu, aliyense azikathamangira dzina lake, ndipo tikabwerako tsiku loyamba lomwelo. Mwaona nokha zimene zachitika pamtsinje paja. Ndiye wachisanuyu sindisankha ndekha. Ndifunsa amene alawa ululu wake."

Anatembenukira kwa anyamata a Chiponde, amene anali atakhala mitu ili pansi.

"Inu a Chiponde, akanakuuzani kuti chotsani munthu mmodzi mu timu ya Nkopola gemu isanayambe, mukanachotsa ndani?"

Duncan anatukula chifuwa. Ayub anadzuka pang'onopang'ono, nkhope ili yamanyazi. Anamudutsa Duncan ndi maso n'kuloza pampando wa kumapeto.

"Wanyaliyo, madamu," anatero. "Tamupha kambirimbiri, koma watipha tonse ndi iyeyo."

Anzake anayi anakweza zala n'kuloza komweko. Jeffrey ndi Mtendere analoza. Duncan anayang'ana pansi kanthawi, kenaka naye anakweza chala.

"N'zoona, madamu. Ine popanda ameneyu sinditha mphindi ziwiri," anatero.

Anatsala Dinala. Malo amene ankaperekedwawo anali oti akanakhala ake, ndipo aliyense ankadziwa. Anasiya kolala ija, n'kukweza dzanja kuloza mnzake.

"Ndinakuuza zabodza dzulo," anatero motsitsa mawu. "Pita iweyo."

Zala zinayamba kukwera holo yonse, mpaka bambo wa pawindo uja amene ankati mwana wagona. Mayi Edith anamwetulira koyamba tsiku limenelo.

"Basi, wachisanu ndi ameneyo," anatero. "Ndiwe Sumaiya, eti mwanawe? Ndipo makolo ako ndingawapeze kuti?"

Sumaiya asanatsegule pakamwa, anthu a pakhomo anapatuka. Panalowa mayi atamanga chitenje cha kumsika, mamba a usipa ali m'manja, akupuma mofulumira. Mnzawo wina anali atawauza kuti mwana wanu ali m'holo umo, akusewera za pa foni ndi anyamata. A Farida anasiya benchi ya usipa ndi aneba n'kubwera chothamanga.

Chimene anaona polowa ndi holo yodzaza anthu, onse atatambasula zala kuloza mwana wawo.

A Iddi anatsitsira kofia kumaso. Zala zinayamba kutsika chimodzichimodzi.

"Mwana wanga walakwa chiyani?" anafunsa a Farida. "Sumaiya! Watenga cha ndani?"

Sumaiya anaimirira. Foni inali ikadali m'manja mwake, ndipo ulendo uno sanaibise kumbuyo. Anayenda nayo poyera mpaka pamene anaima mayi ake.

"Amayi," anatero, "pali nkhani imene ndimayenera kukuuzani dzulo."